Masekondi Asanu ndi Awiri

M'chipinda chodulira mafilimu, pansi pa sukulu yathu ku Łódź,
mopanda zenera,
mmene chotenthetsera chimatsokomola ngati mlonda wachifuwa,
Mayi Bogumiła anatikhazika atatu pa benchi imodzi
nazimitsa nyale.

Onani, anatero.

Bambo wina wachipewa chaubweya akutuluka m'sitolo ya makeke,
bokosi loyera walifukata ngati khanda.
Msewu waundana. Akuponda mochenjera,
phazi ili, phazi ilo,
kenako phazi lamukana:
miyendo m'mwamba, chipewa uko,
keke yonse phwa! pachifuwa.
Mdima.

Tinaseka. Leszek mpaka kumenya benchi ndi chikhatho.
Ine ndinaseka kuposa onse, ndisabise.

Nkhani yamtundu wanji imeneyi? anafunsa mayiwo.
Yanthabwala, tinayankha pamodzi
ngati ana a sukulu ya mkaka.

Anabweza filimu ija m'mbuyo.
Keke inadzisonkhanitsa yokha, chipewa chinathamangira kumutu,
bamboyo nalowa m'sitolo chafutambuyo, wopanda banga.
Anaiyambitsanso,
koma ulendo uno lumo anasiya pa tebulo.

Wagwa.
Kamera sikuphethira.
Sekondi yoyamba tikuyembekezabe kuseka.
Yachiwiri.
Wakhala tsonga, koma chipewa sakuchifuna.
Dzanja likufufuza m'chipale chofewa,
likutola timakandulo kamodzikamodzi,
milomo ikuwerenga: tinayi, tisanu, kachisanu ndi chimodzi kasowa.
Tiramu yadutsa pakati pa iye ndi ife,
ndipo itapita ali pompo,
akukankha ndi chala zilembo zashuga zimene zaphwanyika
kuti mwina dzina la mwana lingawerengekenso.

Chotenthetsera chokha ndicho chinayankhula.

Sindinawonjezerepo kanthu, anatero Mayi Bogumiła.
Vayolini sindinamuitane kudzakuliritsani.
Nkhope yake sindinaiyandikire,
mwaiona patali pomwe munaionera poyamba.
Ndangochedwa kuchoka, basi,
ndi masekondi asanu ndi awiri.
Mabuku anu agawa mafilimu m'makola ngati mbuzi,
awa oseketsa, awa oliritsa, awa oopsa.
Khola limamangidwa pano, ndi zala ziwiri izi,
pamene munthu wasankha poti atseke chitseko.

Ndinalemba zimenezo m'kope, mumdima, mizere ikukwerana.

Jagoda sanalembe.
Anali asanavule ngakhale magolovesi.
Anajambula ndani? anafunsa.

Mayiwo anapukuta magalasi awo nthawi yaitali.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri.
Ndinaima tsidya lina la msewu ndi kamera yobwereka,
ndimayesa kuwala kwa m'mawa pa njanji.
Munthuyo anangolowa yekha m'chithunzi changa.

Ndiye simunawoloke kukamudzutsa?

Chithunzi chili ndi mbali zinayi, mwana iwe.
Kumanzere ndinadulako mayi wogulitsa nyuzi, amene ankaseka.
Kumanja, galu.
Koma chachikulu chimene malire amabisa
chimakhala kumbuyo kwa kamera,
chitaima, chikuzizidwa, chikupemphera kuti munthu asadzuke msanga
chifukwa kuwala kuli bwino.

Nanga pambuyo pake?

Filimu inathera pomwepo m'kamera.
Ndinaweramira m'chikwama kufuna ina,
podzuka ndinapeza banga loyera pa msewu ndi nkhunda.
Zaka makumi anayi ndakhala ndikudula nkhani za anthu ena,
iyi yokha sindidziwa poidula.

Anayatsa nyale. Maso athu anawawa.
Mawa mubwere ndi mathero anu, aliyense ake,
osapitirira mphindi imodzi, opanda nyimbo.

Madzulo ndinadikira tiramu pa Piotrkowska.
Tsidya lina mayi wina anaterereka, malalanje mbwee m'msewu.
Zala zanga zinali zitapanga kale bokosi patsogolo pa diso.
Ndinawerenga mpaka atatu
ndisanakumbuke kuti ndili ndi miyendo.